Kuika magemu a Commodore 64, Amiga ndi ZX Spectrum mu ka PlayStation Classic

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzi lomweli, atatu pa WhatsApp, wina anachita kubwera nako kabokosiko m'jumbo mpaka pakhomo. Onse akuti amva zoti ka PlayStation kakang'ono kaja kamatha kuseweranso magemu a makompyuta akale, ndiye amapanga bwanji. Ndati ndilembe zonse kamodzi, wofunsa wina akabwera ndizingomutumizira izi.

Tikukamba za PlayStation Classic, kaja Sony inatulutsa mu Disembala 2018, kokhala ndi magemu 20 m'kati ndi mapadi awiri opanda tindodo ta analog. Amene ndawaona nako kuno ambiri anakalandira kwa achibale a ku Joni kapena ku UK, poti kunjako sikanayende malonda ndipo mtengo wake wa madola 100 unagwa msanga. Koma m'kati mwake ndi kakompyuta kabwino ndithu, purosesa ya MediaTek ya ma core anayi, RAM ya 1GB, ndipo kamayendera Linux. Ngakhale magemu 20 aja sakuyendetsedwa ndi zida zenizeni za PlayStation ayi, ikugwira ntchito ndi emulator yotchedwa PCSX ReARMed. Emulator ndi pulogalamu yomwe imadzisandutsa makina ena kuti gemu izidziona ngati ili kwawo. Ndiye kabokosi kotha kudzisandutsa PlayStation ya 1994 sikangavutike ndi Commodore 64 ya 1982 yomwe memory yake yonse inali 64KB.

Ndinene pano musanayambe: kuika pulogalamu yoyendetsera magemuwa ndi ntchito ya mphindi zochepa, mwana wa Fomu 1 angathe. Pomwe anthu amagwera ndi pawiri, magetsi a pa USB ndi kiyibodi. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amathera pomwe menyu yaoneka pa sikirini, koma apo ndi pomwe ntchito yeniyeni ikuyambira, chifukwa Commodore ndi Amiga anali makompyuta, magemu ake amayembekezera kuti muli ndi kiyibodi kapena mawusi patsogolo panu, pomwe inu muli ndi padi basi. Choncho sitepe 4 ndi 7 muwerenge mosathamanga.

Mukhale ndi izi pafupi: laputopu kapena kompyuta ya Windows, fulashi, chaja ya foni yabwino ya 5V 2A, tivi ya HDMI, kiyibodi ya USB wamba, ndipo ngati mungathe USB hub, kachida kochulukitsa mapoti a USB, yokhala ndi chaja yakeyake. Sony imati chaja ya 1A ndi yokwanira, ndipo inde imakwanira pa magemu 20 aja, koma mukayamba kulumikiza zinthu zina 2A ndi yomwe sindinavutike nayo.

1. Sankhani fulashi, ndipo muiyese

Musathamangire fulashi yaikulu yamakono. Tengani ya USB 2.0, ya 16GB kapena 32GB, zija zazing'ono za SanDisk Cruzer ndi zomwe zandigwirira bwino nthawi zambiri. Chifukwa chake ndifotokoza pa sitepe 4. Za malo musade nkhawa, disiki imodzi ya Commodore 64 ndi 170KB, ya Amiga ndi 880KB, gemu ya Spectrum nthawi zambiri sipitirira 48KB. Pa 16GB mutha kuika magemu oti simungawamalize mpaka kukalamba.

Koma muiyese kaye fulashiyo. Ine ndinagulapo ina pamsika yolembedwa 64GB, kukopa zinthu zimakopeka bwinobwino, kukayatsa kabokosi mafayilo ena osatseguka, ndinataya masiku awiri ndikuganiza kuti ndalakwitsa penapake, kumeneko fulashiyo inali ya 8GB yongoipaka dzina. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamalemba fulashi yonse mpaka kudzaza kenako nkuwerenganso. Kakanena kuti pali vuto, ibwezeni kapena muziikamo nyimbo, isalowe m'ntchito ino.

2. Ifomateni moyenera

FAT32, ndipo dzina la fulashiyo likhale SONY, zilembo zonse zazikulu. Osati Sony, osati dzina lanu. Kabokosi kakamayaka kamafufuza dzina limeneli, kakapanda kuliona kamangopita ku magemu ake 20 ngati simunalowetse kanthu.

Ngati fulashi yanu yaposa 32GB, Windows sikupatsani FAT32 pa menyu yake ija, imangoonetsa exFAT ndi NTFS. Gwiritsani Rufus kapena guiformat. Mu Rufus musankhe Non bootable, ndipo pomwe palembedwa Partition scheme pakhale MBR osati GPT. Izi za MBR anthu amaziiwala kwambiri makamaka ngati fulashiyo inagwirapo ntchito yoikira Windows pa laputopu.

3. Ikani AutoBleem

Mapulogalamu odziwika olola kabokosi kusewera magemu a pa fulashi alipo awiri, AutoBleem ndi Project Eris, yomwe kale inkatchedwa BleemSync. Ine kwa woyamba ndimanena AutoBleem, chifukwa imayendera pa fulashi pomwepo osakhudza za m'kati mwa kabokosi. Mukazula fulashi, kabokosi kabwerera momwe kanachokera ku fakitale. Project Eris ndi yabwino nayonso koma imalemba zinthu m'kati, ndipo ndi momwe magetsi amatithimira mosachenjeza kuno, sindifuna kuti wina kabokosi kake kafe pa tsiku loyamba.

Dawunilodani pakeji yathunthu, ija ili kale ndi RetroArch, pulogalamu yoyendetsa ma emulator, m'kati. Ndi yaikulu ndithu, ndiye konzekerani bandulo kapena mupite pomwe pali WiFi. Mukamasula zip, zonse zili m'katimo zikopereni pamwamba penipeni pa fulashi. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi ichi: munthu wakopa foda yonse momwe yamasukira, ndiye mukatsegula fulashi mukuona foda imodzi yokha, zinthu zonse zili m'kati mwake. Sizigwira. Mukatsegula fulashi muziona nthawi yomweyo mafoda angapo, Autobleem, Games, retroarch, roms, ndi ina ya dzina lalitali la manambala ndi zilembo zosamveka. Ya dzina losamvekayo musaifufute poganiza kuti ndi vairasi, ndi imeneyo imatsegula chitseko.

Mawu awiri oti muwadziwe. RetroArch ndi nyumba, ma core ndi alendi okhalamo, core iliyonse imadziwa makina amodzi. Wa Commodore 64 ndi VICE, wa Amiga ndi PUAE, wa ZX Spectrum ndi Fuse. Alipo enanso, Caprice32 wa Amstrad CPC, Hatari wa Atari ST, blueMSX wa MSX, koma yambani ndi atatuwa. Lowani mu retroarch kenako cores, muone ngati mayina amenewa alimo. Mafayilo ake amathera ndi _libretro.so. Ngati ina palibe, fufuzani yopangidwira PlayStation Classic yeniyeni, musatenge ya pa RetroArch ya pa laputopu yanu, zija zothera ndi .dll ndi za Windows, purosesa ya muno ndi ya ARM sizimvana.

4. Kuyatsa koyamba, ndi nkhani ya magetsi a pa USB

Ndondomeko yake musaisinthe. Zulani chingwe cha magetsi kumbuyo, kabokosi kakhale kozimiratu. Lowetsani fulashi pa poti yachiwiri, ya kumanja, padi ikhale pa poti yoyamba. Kenako bwezerani chingwe cha magetsi, dikirani kagetsi kayake ka olenji, ndiye dinani POWER. Muona chizindikiro cha Sony, sikirini ithima pang'ono, kenako menyu ya AutoBleem. Mukalowetsa fulashi kabokosi kali kale pa magetsi, kambiri sikaiona.

Tsopano ngati mwachita zonsezi koma kakupitabe ku magemu 20 aja, kapena kayamba bwino nkuima panjira, kapena mukatsegula gemu sikirini ikungoda nkubwerera, musayambe kudawuniloda pakeji ina. Mwa anthu onse amene anandibweretsera vutoli, pafupifupi onse linali la magetsi. Mapoti awiri akutsogolowa Sony inawapangira mapadi okha, ndiye inawaikira malire a 100mA. Poti ya USB 2.0 ya pa laputopu imapereka mpaka 500mA. Mukuona kusiyana kwake. Fulashi ya USB 3.0 yothamanga imafuna magetsi oposa pamenepo makamaka ikamalemba, ndiye potiyo imaidula, ndipo choipa kwambiri nchakuti nthawi zina imadula pakati pa kulemba, mafayilo nkuonongeka. Ndi chifukwa chake ndinati fulashi yakale yapang'onopang'ono ndi yomwe ikufunika. Kusintha chaja ya kumbuyo sikuchotsa malire amenewa, ali pa potipo.

Njira zothanirana nazo ndi zitatu. Yoyamba, yesani fulashi ina ya 2.0, mubwereke kwa mnzanu muone ngati isintha. Yachiwiri, yomwe ine ndimagwiritsa ntchito, ndi hub yokhala ndi chaja yakeyake, muilowetse pa poti yachiwiri, fulashi ndi kiyibodi ndi mawusi zonse zikhale pa hub, zizidya magetsi a kukhoma osati a kabokosi. Hub yopanda chaja sikuthandizani, ikungogawa 100mA yomweyo kwa anthu atatu. Yachitatu ndi OTG, kachingwe komwe kamalola fulashi kulowera kumbuyo pa poti ya magetsi ija, mapoti onse akutsogolo nkutsala omasuka. Imeneyi ndi yabwino koposa koma sigwira pokhapokha mutasintha kernel, kutanthauza mtima wa Linux ya m'katimo, ndipo kumeneko ndi kulemba m'kati mwa kabokosi. Mukafuna kutero, chitani kabokosi kali pa pawa banki yodzaza osati pa khoma, ndipo backup yomwe ipangidwe muikopere pa laputopu tsiku lomwelo. Magetsi akathima pakati pa ntchito imeneyo kabokosi kangathe osayakanso. Pa zomwe tikuchita pano hub ndi yokwanira.

5. Ikani magemu, ndi Kickstart ya Amiga

Zimitsani, zulani fulashi, bwererani pa laputopu. Mu foda ya roms pangani mafoda anu, wina c64, wina amiga, wina spectrum. Foda ya Games ija ndi ya magemu a PlayStation okha, musaikemo za Commodore.

Mitundu ya mafayilo ili motere. Pa Commodore 64 muona .d64 yomwe ndi disiki, .tap ndi .t64 za kaseti, .crt ya katiriji, ndi .prg yomwe ndi pulogalamu yokhayokha. Inde kaseti, yonga zija tinkamverera nyimbo pa wailesi, magemu ankabwera pamenepo ndipo munthu ankadikira mphindi zingapo kuti ilowe. Mukakhala ndi mwayi wosankha tengani .crt kapena .prg chifukwa zimatseguka nthawi yomweyo, kenako .d64, .tap ikhale yomaliza. Pa Spectrum muona .tzx, .tap ndi .z80. Pa Amiga ndi .adf.

VICE ndi Fuse sizifuna china chilichonse, zofunika zili kale m'kati. Amiga ndi yomwe imavuta. Imafuna fayilo yotchedwa Kickstart, pulogalamu yomwe pa makina enieni inkakhala pa chip ndipo ndi yomwe imadzutsa kompyutayo. Ili ndi eni ake mpaka lero, ndiye siibwera mu pakeji. Njira yovomerezeka ndi kugula Amiga Forever ya kampani ya Cloanto, mafayilo onse ali mmenemo. Za magemu nazonso ndinene poyera, ambiri akale aja ali ndi eni, koma alipo ochuluka omwe eni ake anawamasula, ndipo mpaka pano kuli anthu omwe akulembabe magemu atsopano a Commodore 64 ndi Spectrum, ena aulere. Poyesera yambani ndi amenewo.

Kickstart iikidwe mu retroarch kenako system, osati mu roms, ndipo dzina lake likhale lenileni lomwe core ikufuna. Ya Amiga 500, yomwe ndi Kickstart 1.3, dzina ndi kick34005.A500 ndipo kukula kwake ndi 256KB. Ya Amiga 1200, Kickstart 3.1, ndi kick40068.A1200, ya 512KB. Ngati mwaitenga mu Amiga Forever ndipo pali kafayilo kotchedwa rom.key, kakopereninso mu system momwemo.

Apa pali msampha wa Windows. Imabisa mathero a mayina a mafayilo, ndiye inu mwasintha dzina mukuona kick34005.A500, pomwe dzina lenileni ndi kick34005.A500.rom, core siipeza. Mu File Explorer pitani pa View muchonge File name extensions musanasinthe dzina lililonse. Munthu wina anakhala nalo vuto limeneli sabata yathunthu, titaliona tinalikonza mu mphindi imodzi.

6. Tsegulani gemu yoyamba

Yambani ndi Commodore 64 poti ilibe za Kickstart, mukaona yagwira mudziwa kuti maziko ali bwino. Pa sikirini yoyamba ya AutoBleem mabatani alembedwa m'munsi, la Square ndi lomwe limakulowetsani mu RetroArch. Mmenemo sankhani Load Content, pitani ku foda yanu ya c64, sankhani gemu, ikakufunsani core sankhani VICE x64. Pali inanso yotchedwa x64sc, ndi yolondola kwambiri koma yolemera, pa kabokosi aka x64 ndi yomwe imayenda mosakoka.

Muona sikirini yabuluu yolembedwa READY, ndipo emulator ilemba yokha LOAD"*",8,1 kenako RUN. Dikirani. Makina owerengera disiki a Commodore, otchedwa 1541, ankadziwika ndi kuchedwa, ndipo emulator ikamawatsanzira bwinobwino imachedwanso chimodzimodzi. Kuthamanga sikufika, mupatseni miniti kapena ziwiri musanaganize kuti yaima. Mu Quick Menu, menyu ya RetroArch ya m'kati mwa gemu, pa Options muli chotchedwa True Drive Emulation, chikakhala chozimitsa zinthu zimalowa msanga koma magemu ena amakana, chikakhala choyaka zimachedwa koma pafupifupi zonse zimagwira. Gemu ikakanirira panjira, choyamba kuyang'ana ndi chimenechi.

Kuti mubwerere ku menyu ya RetroArch muli m'kati mwa gemu, dinani START ndi SELECT pamodzi.

7. Kiyibodi, joyisitiki ndi mawusi

Tafika pomwe ambiri amasiyira nkumanena kuti magemuwa sagwira. Gemu yalowa, nyimbo ikulira, zilembo zikuyenda pa sikirini, mwadina batani lililonse pa padi koma palibe chikuchitika. Gemu siinaonongeke. Ikudikira batani lomwe pa padi yanu palibe.

Choyamba mudziwe chomwe mukuonacho. Magemu ambiri a Commodore ndi Amiga omwe amapezeka lero anadutsa m'manja mwa magulu omwe ankachotsa chitetezo choletsa kukopa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo iwowo ankaika kachionetsero kawo kutsogolo, nyimbo ndi mayina awo. Kuti mudutse pamenepo, pa Commodore 64 ndi SPACE nthawi zambiri, pena RUN/STOP, batani la pa kiyibodi ya Commodore. Pa Amiga ndi batani la kumanzere la mawusi. Kenako pena pamabwera mafunso, mukufuna moyo wosatha, Y kapena N. Kenako gemu yeniyeniyo imati dinani F1 kuti muyambe. Zonsezi ndi za kiyibodi.

Njira yachangu ndi kiyibodi ya pa sikirini. Mu VICE, PUAE ndi Fuse batani la SELECT palokha limaitulutsa, mumayenda ndi mivi ya padi nkudina chilembo chomwe mukufuna, SELECT kachiwiri ibisika. Samalani kuti chala chisagunde START nthawi yomweyo, mungapezeke muli mu menyu. Pa kudina Y kapena F1 kamodzi njirayi ndi yokwanira. Koma gemu yomwe imafuna SPACE pakati pa nkhondo kuti muponye bomba, simungamatulutse kiyibodi adani akubwera. Pamenepo pitani mu Quick Menu kenako Options, mupeza pomwe batani lililonse la padi mungalipatse batani la kiyibodi. Ine ndimaika SPACE pa Triangle, RUN/STOP pa L2, RETURN pa R2, F1 pa L1. Mapadi a PlayStation ali ndi mabatani ambiri pomwe joyisitiki ya Commodore inali ndi limodzi lokha, ndiye malo alipo okwanira. Mukamaliza musunge kuti zikhale za gemu imeneyo yokha, chifukwa ina idzafuna zina.

Tsopano kiyibodi yeniyeni. Ikhale wamba, ya muofesi, yopanda magetsi amitundumitundu aja chifukwa amenewo amadya mphamvu, ndipo ilowe pa hub. Mukailowetsa mudzaona zodabwitsa: mwadina F1 kuti gemu iyambe, m'malo mwake yatseguka menyu ya RetroArch. Mwadina SPACE, gemu yayamba kuthamanga ngati yapenga. Mwadina ESC, yomwe mu VICE ndiyo RUN/STOP, RetroArch yonse ikufuna kutseka. Mukulemba dzina lanu pa high score, mwafika pa P gemu yaima, pa H yayambiranso poyambirira. Chomwe chikuchitika nchakuti RetroArch ili ndi ntchito zakezake pa mabatani amenewa, ndipo imawalanda asanafike ku gemu. Mankhwala ake ndi batani limodzi lomwe ambiri simunalidinepo chibadwire, Scroll Lock, lili pamwamba kumanja pafupi ndi Print Screen. Mukalidina pabwera uthenga woti Game Focus yayaka, kuyambira pamenepo kiyibodi yonse ndi ya gemu. Mukafuna menyu dinaninso Scroll Lock kapena gwiritsani padi. Ngati kiyibodi yanu ndi yaing'ono yopanda Scroll Lock, pitani ku Settings, Input, Hotkeys, mupeze Game Focus muipatse batani lina lomwe magemu saligwiritsa ntchito. Kanthu kamodzi aka ndi komwe ndakhala ndikuyankha kambirimbiri kuposa china chilichonse.

Vuto lina ndi la mapoti a joyisitiki. Commodore 64 inali ndi awiri, ndipo magemu ambiri amagwiritsa poti 2, osati 1, chifukwa poti 1 inkasokonezana ndi kiyibodi. VICE imayambira pa 2 pachifukwa chimenechi. Koma alipo magemu, makamaka akalekale, omwe amafuna 1. Chizindikiro chake nchakuti gemu yayamba koma munthu wanu sakusuntha, kapena mukasuntha padi pa sikirini pakutuluka zilembo zachilendo. Pitani mu Options musinthe Joystick Port. Ma VICE atsopano amalolanso kungowonjezera _j1 kumapeto kwa dzina la fayilo, monga gemu_j1.d64, iyo nkumasankha yokha nthawi zonse.

Ndipo poti batani linali limodzi, kudumpha m'magemu ambiri ndi kukankhira joyisitiki m'mwamba. Amene tinakulira pa mapadi zimativuta m'manja masiku oyamba. Mu Options za VICE ndi PUAE zatsopano muli pomwe mungasankhe kuti batani lina lizigwira ntchito ya kudumpha, muyatse, mudzandithokoza.

Spectrum ili ndi khalidwe lakelake. Inatuluka ku Britain mu 1982 ilibe poti ya joyisitiki nkomwe, anthu ankagula kachida kowonjezera, ndipo kotchuka kanali ka Kempston. Ndiye gemu ikayamba imakupatsani menyu, 1 Keyboard, 2 Kempston, 3 Sinclair, zotero. Muyenera kuchita zinthu ziwiri zogwirizana: mu Quick Menu pa Controls, Port 1 ikhale Kempston Joystick, ndipo mu menyu ya gemuyo mudine nambala ya Kempston. Mukachita chimodzi chokha padi sigwira. Kuti kiyibodi yeniyeni igwire mu Fuse, Port 3 muiike pa Sinclair Keyboard. Magemu ena alibe za joyisitiki, ndi kiyibodi basi, ndipo ambiri amagwiritsa Q kukwera, A kutsika, O kumanzere, P kumanja.

Amiga nayo ndi ya mawusi. Pa mapadi amakono emulator imaika mawusi pa kandodo ka analog, koma padi ya PlayStation Classic ilibe, ndiye muli ndi njira ziwiri. Mu Options za PUAE mupatse batani limodzi ntchito yosinthira pakati pa joyisitiki ndi mawusi, mukalidina mivi ya padi iziyendetsa kamuvi ka pa sikirini. Izi zimathandiza podutsa pa zionetsero zija ndi m'mamenyu. Koma gemu ngati Lemmings ya 1991 kapena Cannon Fodder, zomwe zonse ndi kuloza ndi kudina mwachangu, musadzizunze, gulani mawusi ya USB yotchipa muike pa hub. Kusewera Lemmings ndi mawusi yeniyeni pa tivi ya pabalaza ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ndimakondera kabokosi aka.

8. Magemu a madisiki ambiri

Disiki ya 880KB inkachepa, ndiye magemu akuluakulu a Amiga ankabwera pa madisiki angapo, Monkey Island 2 inali pa 11. Gemu ikati Insert Disk 2 inu mutatsegula fayilo ya disiki yoyamba yokha, mwakanirira. Konzeranitu pa laputopu. Tsegulani Notepad, lembani mayina a madisiki onse, lililonse pa mzere wake, ndendende momwe alili:

gemu-disk1.adf
gemu-disk2.adf
gemu-disk3.adf

Sungani ndi dzina loti gemu.m3u mu foda momwe muli madisikiwo, ndipo muonetsetse kuti sinakhale gemu.m3u.txt, msampha uja wa pa sitepe 5. Mu RetroArch muzitsegula .m3u osati .adf. Ikapempha disiki ina, Quick Menu, Disc Control, tulutsani yomwe ilimo, sinthani nambala, lowetsani, bwererani mu gemu nkudina batani lowombera kapena mawusi. Pa Commodore ndi chimodzimodzi ndi ma .d64 a Side A ndi Side B.

9. Liwiro ndi chithunzi

Magemu ambiri abwino a makina atatuwa analembedwa ku Ulaya, pa PAL, zithunzi 50 pa sekondi. Kabokosi aka kamatumiza 720p pa 60. Ndiye zinthu zikamayenda cham'mbali muona kakugwedera pang'ono, si vuto la fulashi kapena tivi yanu. Ena amasinthira ku NTSC, ya zithunzi 60, kuti chithunzi chisalale, koma nyimbo zimathamanga ndipo magemu ena amasokonekera, ine ndimasiya pa PAL. Magemu a Amiga 500 ambiri amayenda bwino, a Amiga 1200 olembedwa AGA ena amakoka ndipo mawu amadukaduka. Gemu ikakhala ndi mitundu iwiri tengani ya 500. Ngati tivi yanu ndi ija ya chimsana yopanda HDMI, kachida kosinthira HDMI kupita ku AV kamagwira, ndipo magemu amenewa amaoneka bwino pamenepo chifukwa ndi matiivi omwe anapangidwira.

10. Kuzimitsa

FAT32 simakhululuka ikadulidwa pakati pa kulemba. Tulukani mu gemu ndi Close Content, tulukani mu RetroArch ndi Quit kuti zomwe mwasintha zisungike, mukafika pa sikirini ya AutoBleem dinani L2 ndi R2 pamodzi, dikirani kagetsi kabwerere ku olenji, zulani chingwe cha magetsi, ndiye muzule fulashi. Zonse zikayamba kuyenda momwe mukufunira, koperani fulashi yonse pa laputopu, makamaka foda ya retroarch momwe muli mabatani onse mwavutika kuika aja.

Kwathu kabokosi kamakhala pa pawa banki nthawi zonse tikamasewera, kamadya magetsi ochepa ndipo akathima tivi yokha ndi yomwe imazima. Zikatero sindizula kanthu, ndimangodikira abwere kapena kuyatsa tivi pa batire nkutuluka bwinobwino. Kumbukirani kuti hub nayo ili ndi chaja yake, ikakhala pa khoma fulashi izima ngakhale kabokosi kali moyo, ndiye ngati hub yanu imalandira 5V iikeninso pa pawa banki yomweyo, ikhale ya mapoti awiri. Mapawa banki ena amadzizimitsa okha akaona kuti chomwe chalumikizidwa chikudya pang'ono, ndiye mukaona kagetsi ka olenji kazima musanadine POWER, dinani batani la pa pawa bankiyo, dikirani olenji ayakenso, kenako muyatse.